Kaphedwe ka mpikisano wa tigalimoto: malangizo kwa oyendetsa a ku Area 49

Mpikisano wa tigalimoto sufa msanga. Ana amauyambitsa ndi waya wa mpanda, zitsekerero za mabotolo ndi mphira ya chubu chakutha, n'kumauyendetsa Loweruka lililonse popanda komiti kapena msungichuma. Amalume akabwera kuchokera ku Joni ndi kagalimoto ka rimoti, mpikisanowo umangonenepa. Kuti chinthu chotere chife pamafunika luso, ndipo luso lonse lili pamalo amodzi: pamene galimoto yothamanga yapeza yochedwa kutsogolo kwake. Malangizo awa ndi a mphindi imeneyo. Akukhudza oyendetsa onse, a waya ndi a rimoti, a ku Gulliver, ku Shire, ku Dubai ndi ku Proper. Atsateni mwandondomeko.

Dziwani chimene mukulimbana nacho

M'makalabu a tigalimoto ta rimoti, mpaka m'mipikisano ya dziko lonse yoyendetsedwa ndi bungwe la IFMAR lomwe lidakhazikitsidwa mu 1979, muli mwambo wa mfundo zitatu. Yoyamba: amene watsalira ndi raundi yathunthu amapereka njira pamalo abwino, kawirikawiri potulukira kunja pang'ono pakona, osasintha liwiro mwadzidzidzi. Yachiwiri: udindo wopitirira mosagunda ndi wa wothamanga, popeza ndiye ali kumbuyo ndipo akuona zonse. Yachitatu: ukagubuduza mnzako umaima, kumudikira kuti abwerere patsogolo pako, kenako n'kupitiriza.

Zotsatira za mwambowu n'zodziwika. Mpikisano umatha pa nthawi yake, galimoto zimabwerera kwawo ndi matayala onse anayi, ndipo anthu amapatsanabe moni Loweruka lotsatira. Ntchito yanu ndi kuthetsa zitatu zonsezi.

Zipangizo

Pogula galimoto ya rimoti, tembenuzani bokosi. Ngati palembedwa 27 MHz, lipirani osanenerera. Kenako fufuzani ya mnzanu. Ikakhala ya nambala yomweyo, mwachita mwayi: rimoti yanu idzalamula galimoto ziwiri, yakenso ziwiri, ndipo palibe adzadziwe amene walowetsa mnzake m'ngalande. Kale m'makalabu ankapachika zopanira zovala pabolodi, chilichonse ndi nambala yake, ndipo munthu sankayatsa rimoti asanatenge chopanira. Musatengere zimenezo. Pewaninso galimoto za 2.4 GHz, chifukwa iliyonse imamvera rimoti ya mwini wake yekha.

Mabatire akhale otopa. Abwino ndi amene atumikira kale mu tochi ya agogo. Ayanikeni padzuwa pamwamba pa malata, muwalume pang'ono m'mbali, muwabwezere. Amathamanga mwaulemu raundi ziwiri, kenako galimoto imayamba kukwawa. Kuyambira pamenepo ndinu chotchinga choyenda, udindo wofunika kwambiri pabwalo.

Ngati yanu ndi ya waya, matayala atatu akhale a zitsekerero za mabotolo, lachinayi la chitini cha polishi wa nsapato. Galimoto yotere imakhotera mbali imodzi yokha popanda kufunsa mwini wake. Nsonga za waya musazipinde. Zisiyeni zitatulukira kumbali kuti zizikola aliyense wodutsa. Chiwongolero chikhale chachitali ndithu, kuti galimoto izitseka mbali ina ya njira, inu mwini mukutseka inayo.

Bwalo

Malo otakasuka ngati ozungulira bwalo la Bingu, lomwe lidatsegulidwa mu 2017, ndi osayenera. Pamalo potero galimoto ziwiri zikhoza kupitirirana popanda kukhudzana. Sankhani kanjira ka pakati pa mipanda iwiri ya njerwa. Lembani malire ndi phulusa, ndipo m'lifupi mwake mukwane galimoto imodzi ndi theka. Kona yothina kwambiri ikhale m'mphepete mwa ngalande. Kona yachiwiri ikhudze benchi ya amayi ogulitsa tomato. Mzere wothamangirapo udutse pansi pa chingwe choyanikapo zovala.

Nthawi yabwino ndi Okutobala masana, pamene kamvulumvulu amafufuta phulusa m'mphindi zochepa. Musagwirizane kuchuluka kwa maraundi. Musagwirizanenso mbali yozungulira. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma lamulolo ndi la mumchenga. Kuno ndi pakatondo, choncho nyamukani mnzanu akadamangirira tayala.

Akatswiri a rimoti amaima mondondozana pansanja kuti aliyense aone bwalo lonse. Inu imani m'kati mwa njira, kutsogolo kwa mwana wamfupi kwambiri, ndipo muzitsatira galimoto yanu wapansi.

Gawo loyamba: ngati wochedwa ndinu

1. Dziyeseni woyamba. Bwalo ndi lozungulira, ndipo pabwalo lozungulira aliyense amene akuoneka kumbuyo kwanu ali kumbuyo kwanu basi. Wina akanena kuti wakusiyani ndi maraundi atatu, mufunseni umboni. Popeza simudagwirizane zowerenga, umboniwo palibe.

2. Gwiritsani ntchito njira ya Chitseko. Polowa pakona yendani kunja, kusiya mpata wooneka bwino m'kati. Wothamanga akangolowetsa mphuno ya galimoto yake, tsekani. Mpatawo ukhale wokwanira kumukopa koma wosakwanira kumutulutsa.

3. Pamzere wowongoka gwiritsani ntchito njira ya Njoka. Kumanzere, kumanja, kumanzere, popanda ndondomeko iliyonse. Chimene wothamanga amafuna kwa wochedwa n'chimodzi chokha, kuti athe kulosera kumene akupita. Mumaneni chimenecho. Ngakhale inu mwini musadziwe kumene mukhotere.

4. Akakuwa kuti, "Aise, ndidutse!" muyankheni mwaulemu. Mufunseni kuti, "Mbali iti, achimwene?" Akati kumanja, vomerani, ndipo pitani kumanja kukamuchingamira.

5. Sungani liwiro lanu lonse kuti mulitulutse pamzere wowongoka. Pamakona khalani pakati ngati nkhuku yofungatira mazira. Mukangotuluka, kankhani batani mpaka chala chiyere, kuti mufike pakona yotsatira muli patsogolo ndi chikhatho chimodzi. Bwerezani mpaka wa kumbuyoyo ayambe kulankhula yekha.

6. Mukatopa n'kutchinga, perekani njira, koma mwa Ulemu Wadzidzidzi. Musapatuke. Ingoimani pakati penipeni, pamzere womwe wothamanga akubwera, makamaka fumbi likakhala lambiri. Chitsanzo chake chili mu mpikisano wa Formula One wa ku Spa, m'dziko la Belgium, mu 1998. Mvula ikukhuthuka, David Coulthard adachepetsa liwiro kuti Michael Schumacher, amene ankatsogola, adutse, koma adatero ali pamzere womwewo. Schumacher adamuwomba kumbuyo n'kubwerera kugalaja ndi matayala atatu. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mumaphwanya wotsogola uku muli ndi mawu okonzeka kale: "Inetu ndimakupatsa njira."

7. Akakupitirirani, nkhani siyinathe. Mukhoza kumutsatira pafupi n'kuiwala mabuleki pakona yotsatira, monga adachitira Jos Verstappen ku Interlagos, m'dziko la Brazil, mu 2001: adapereka njira kwa Juan Pablo Montoya amene ankatsogola, kenako adamukwera kumbuyo, onse awiri n'kutuluka mu mpikisano. Mukhozanso kulimbana naye kuti mubweze raundi yanu. Mu 2018, pabwalo lomwelo, Esteban Ocon adatero ndi wotsogola, ndipo wotsogolayo adali Max Verstappen, mwana wa Jos. Max adazungulira pamsewu, chipambano n'kupita kwa Lewis Hamilton. Banja limodzi lidaphunzira phunziroli mbali zonse ziwiri. Limbikitsani abale anu kuchita chimodzimodzi.

Mu Formula One wochedwa amamukupizira mbendera yabuluu yomuuza kuti apereke njira. Wina akabweretsa mpango wabuluu pabwalo lanu, muuzeni kuti za mpira zili kubwalo la Bingu.

Gawo lachiwiri: ngati wothamanga ndinu

1. Musadikire. Mipikisano yambiri ya tigalimoto ta magetsi, tochepetsedwa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, imatenga mphindi zisanu zokha. Anthu ena amati m'mphindi zisanu muli makona ambiri, ndipo kutsatira wochedwa makona awiri kumadya nthawi yochepa kusiyana ndi kugona chagada kudikira wokudzutsa. Amenewo ndi anthu a masamu. Inu pambanani mpikisano wonse pakona yoyamba.

2. Musachenjeze. M'makalabu wotsogola amalankhula modekha ali pansanja, kutchula mtundu wa galimoto yake kuti wochedwa amuzindikire. Inu fikani chinunu. Ngati mukufuna kuimba hutala ndi pakamwa, imbani mutagunda kale, kuti aliyense adziwe kuti ntchito yatheka.

3. Sankhani malo opitirira mosamala. Mzere wowongoka ndi wa anthu amantha. Ovateki yeniyeni imachitikira m'kati mwa kona ya pangalande, pamene palibe mpata. Mpata ndi chinthu chimene chimaoneka galimoto ya mnzanu ikachoka pamalo pake.

4. Sungani mabuleki anu. Galimoto ya wochedwa ili ndi kulemera kokwanira kuimitsa yanu. Lunjikani tayala lake lakumbuyo, la mbali ya m'kati. Iye adzazungulira kuloza kumene wachokera, inu mudzapezeka mwakhota kale. Ndalama ya mabuleki mugulire chiwaya.

5. Galimoto ya rimoti ikakumana ndi ya waya, lowani pansi pake. Buku la ana lotchedwa Galimoto, lomwe Karen Lynn Williams adatulutsa mu 1990, limasimba za mnyamata wa ku Malawi amene adatha tsiku lonse akutolera waya wopangira galimoto imodzi. Chiwerengero chimenecho n'chothandiza poyeza luso lanu: tsiku lathunthu la mwana wa eni, inu sekondi imodzi. Onetsetsani kuti ekiselo yakutsogolo yapindika. Mwini wake adzagwada m'fumbi, kuiwongola ndi mwala, kumangiriranso mphira ndi mano. Pa raundi yotsatira adzakhala akadali pomwepo, ndipo mukhoza kuponda chiwongolero.

6. Wina akakupatsani njira moyenera, musanene zikomo. Mukathokoza adzazolowera, ndipo mawa adzayembekezera kuti nanunso mumupatse. Mukhudzeni pang'ono podutsa kuti adziwe kuti kufatsa sikulipira.

7. Mukagubuduza munthu, thawani. Kudikira ndi kuvomera mlandu. Mipikisano ya malamulo ili ndi woimbira amene amalamula wolakwa kuti aime kaye asanapitirize. Pabwalo lanu woimbira akhale msuweni wanu, ndipo mumugulire freezes mpikisano usanayambe.

8. Pa gawo losankhira malo oyambira, akatswiri amanyamuka mmodzimmodzi, aliyense kulimbana ndi wotchi osati ndi mnzake. Awiri akamenyana pamenepo, onse amataya nthawi popanda wopindula. Uwu ndi mwayi wosowa wogwetsa anthu awiri, kuphatikizapo inu, ndi ngozi imodzi. Musauphonye.

Chenjezo kwa makolo

Mwana akayamba kudikira mpata pakona, chitanipo kanthu msanga. Lewis Hamilton adayamba ndi kagalimoto ka rimoti komwe adamugulira bambo ake ali wamng'ono, ndipo adafika pokhala wachiwiri pa mpikisano wa dziko la Britain akulimbana ndi akuluakulu. Palibe adamuletsa. Mapeto ake adatenga ukatswiri wa dziko lonse wa Formula One kasanu n'kawiri, ndipo mpaka lero amangokhalira maulendo, osakhazikika pakhomo. Mwana wanu mukhoza kumupulumutsa. Nthawi iliyonse akapereka njira, mufunseni pamaso pa anzake ngati mudamugulira galimotoyo kuti azilondolera anthu.

Odzutsa galimoto

Pabwalo lililonse pamafunika anthu oima pamakona, odzutsa galimoto zogubuduzika. M'makalabu ntchitoyi amaigwira oyendetsa amene angomaliza kuthamanga, mosinthana. Inu ntchitoyi musaigwire. Ipatseni ana aang'ono kwambiri, amene akudikira kuti mwina muwabwereka rimoti pamapeto.

Galimoto yanu ikagona chagada, kuwani dzina la mwanayo katatu. Akaigwira, kankhani batani kuti matayala azungulire m'manja mwake ndi kumuthira mchenga m'maso. Akaiika pansi italoza kolakwika, muuzeni kuti ndiye wakuluzitsani. Galimoto ziwiri zikakolana, lamulani kuti ayambe ndi yanu, ngakhale wogunda ndinu. Mukachita bwino, pofika raundi yachisanu ana onse adzakhala atapita kukasewera mpira wachikulunga, ndipo galimoto iliyonse yogwa idzakhala pomwe yagwerapo n'kusanduka chotchinga chatsopano.

Mlandu

Ngozi yopanda mkangano ndi ntchito yosamaliza. Yambani kulankhula galimoto zisanaime. Chiganizo choyamba ndi, "Wandigunda ndiwe," ndipo chimagwira ntchito ngakhale mphuno ya galimoto yanu ikadali m'kati mwa yake. Chachiwiri ndi, "Ukudziwa kumene idagulidwa?" Chachitatu chikhudze munthu amene sadali pabwalo, makamaka amalume ake.

Kupambana si chifukwa chosiyira mlandu. Ku Suzuka, m'dziko la Japan, mu 1993, Ayrton Senna adapambana mpikisano, koma adapitabe kukafuna Eddie Irvine, wongoyamba kumene tsiku limenelo, amene adamupitirira pobweza raundi yake. Adamupeza ndipo adamumenya chibakera. Max Verstappen naye, ku Brazil kuja, adakapeza Ocon pasikelo n'kumukankha, ndipo adalamulidwa kugwira ntchito yothandiza anthu masiku awiri. Masiku awiri si ambiri. Kuno chilango chimakhala kutola tomato m'fumbi uku mwini benchi akuwerenga mmodzimmodzi.

Nkhani ikafika kwa makolo, ikulitseni. Musalole kuti ithe ndi pepani ndi kachidutswa ka waya. Amayi ake a wogundidwa akabwera atamanga chitenje m'chiuno, auzeni kuti, "Amayi, mwana wanuyu sadziwa kuyendetsa." Mawu amenewa amasamutsa mlandu kuchoka pabwalo kupita kumpanda, kumene ukhoza kukhala zaka. Cholinga n'chakuti pofika Khirisimasi nyumba ziwiri zisamabwerekane mchere.

Mgwirizano wa mbali ziwiri

Wochedwa wouma khosi payekha amangochedwetsa anthu. Wothamanga wopanda mabuleki payekha amangodzigwetsa m'ngalande. Zipatso zenizeni zimabwera awiriwa akakumana pakona imodzi, aliyense ali wotsimikiza kuti kupatuka ndi udindo wa mnzake. Choncho phunzirani magawo onse awiri. Kumayambiriro, batire ikadali ndi moyo, tsatani gawo lachiwiri ndipo mudzudzule ochedwa onse. Batire ikafooka, tsatani gawo loyamba ndipo mudzudzule othamanga onse. Musasinthe nkhope posintha gawo.

Maphunziro apamwamba

Amene wakhoza zonsezi ali wokonzeka kuona akatswiri. Imani m'mbali mwa msewu wa Kaunda m'mawa, kapena pamsewu wochokera kubwalo la Bingu kupita pa Interchange ya ku Area 18, muli ndi kope ndi cholembera. Lamulo la dziko lino limati galimoto iziyenda kumanzere ndi kupitirira kumanja, ndipo mudzaona mmene lamuloli angalikongoletsere. Lembani za dalaivala amene wakhazikika pamzere wakumanja akuyankha foni: imeneyo ndi Chitseko. Lembani za njinga yamoto ya kabaza yodutsa kumanzere kwa minibasi pamene kondakitala akutsegula chitseko: imeneyo ndi mfundo yachitatu ya gawo lachiwiri. Lembani za Sienta yoima pakati pa msewu chifukwa wina wakweza chala: umenewo ndi Ulemu Wadzidzidzi. Lembaninso za lole yopita ku Kanengo imene imakumbukira kuti ili ndi mphamvu pokhapokha wina akayamba kuipitirira. Kusiyana n'kochepa. Kumeneko odzutsa galimoto amabwera ndi ambulansi, ndipo zotsatira amakalengezera ku Kamuzu Central Hospital.

Kuyeza zotsatira

Dzuwa likapendeka, werengani. Galimoto zobwerera kunyumba zili m'jumbo: mapointi awiri iliyonse. Tayala lotayika m'ngalande: pointi imodzi. Mwana wolira: atatu. Tomato wophwanyika: theka, koma thumba la amayi anu ndilo lilipire. Munthu wodziwa amene wapambana akapezeka, chotsani mapointi asanu ndipo mubwerezenso mutu wa bwalo.

Chizindikiro chachikulu chimaoneka pakatha masabata angapo. Loweruka lina mudzafika pakanjira kaja ndi rimoti yanu n'kupeza palibe munthu. Mudzamva phokoso la matayala a zitsekerero kuseri kwa mpanda wina, kumene sadakuuzeni. Musapiteko. Bwalo tsopano ndi lanu. Nyamukani nthawi imene mukufuna, zungulirani mbali imene mukufuna, ndipo mulengeze zotsatira mokweza. Palibe wokupitirirani, ndipo ukatswiri wanu sudzatsutsidwanso mu Area 49.

Vuto lotsala ndi limodzi: luso losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri. Fufuzani madera amene mbiri yanu sinafike. Yambani ndi Area 25 popeza ndi pafupi, kenako Mgona. Ku Chinsapo ndi ku Area 23 ana ndi ambiri, choncho konzani Maloweruka awiri dera lililonse. Kawale ndi Biwi musungire chaka chamawa. Kulikonse kumene mwafika, perekani moni mwaulemu, funsani malamulo awo onse, ndipo pemphani kuti popeza ndinu mlendo akuikeni kutsogolo.